Mdzukulu wa Zitseko Zisanu

Loweruka, 4 Novembala 1995

Yafika. Yanga. Ndalemba dzina mkati mwa kabuku kake: Nason Mbewe, makaniko, komboni ya kumunsi.

Ndi galimoto ija dona wa pa pulazi pano ankatengera ana kusukulu. Ya 1984, mtundu wa phulusa. Injini ya 1300, ya petulo. Magiya anayi ndi livesi. Thanki malita 40. Zitseko zisanu ukawerenga chakumbuyo chotsegukira m'mwamba. Mpando wakumbuyo umapindika n'kugona, mpata wake mita imodzi ndi theka. Wotchi ya mtunda ikuti 187,412. Injini imeneyi ndaimasula ndekha kawiri, ndikuidziwa kuposa mano a m'kamwa mwanga.

Bonasi ya zaka zitatu ndi njinga yamoto, zonse zathera momwemo. Batire dona wachotsa, akuti ndi ya mpope wa kudimba kwake. Tachita kukankha kuchokera kugalaja mpaka pakhomo. Achimwene anga a Simao anakankha pang'ono n'kukhala pansi, chifuwa chija. Aonda kwambiri chibwerereni ku mgodi ku Mhangura.

Anthu akuti Nason wayamba matama. Anene. Kuchoka pano kukafika kuchipatala ku Concession ndi makilomita 34, ndipo mkazi wanga Luiza ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi theka. Awiri oyamba tinataya, woyamba m'nyumba muno, wachiwiri m'mbali mwa msewu tikudikira basi. Asisita amene amabwera ndi sikelo mwezi ndi mwezi anandiuza pamaso: njira ndi yopapatiza, uyu ngwa opaleshoni, matenda akangoyamba musadikire ngakhale ola limodzi. Galimotoyi ndagulira tsiku limenelo basi.

Luiza waizungulira kawiri, kenako n'kupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje.

Lachinayi, 9 Novembala

Batire ndapeza, yakale ya lole. Kukoka choko ya petulo pang'ono, kiyi, yalira ulendo woyamba womwe. Ndinafika nayo kudamu nthawi ya nkhomaliro, ndekha. Giya yachiwiri imafuna kunyengerera. Ikakhala yopanda katundu imavina kumbuyo pa mabampu. Pamsewu wa fumbi 60 ndi yokwana, ukapitirira apo chiwongolero chimanjenjemera. Lita imodzi makilomita 13, ngati phazi lili ndi ulemu.

Ndawerengera: mpaka kuchipatala mphindi 40. Kukagwa mvula mwina 50.

Ndamuuza Luiza kuti woyamba kukwera ndi iye, Lamlungu popita kutchalitchi, kutsogolo ngati dona. Waseka, akuti avala duku yatsopano. Kuseka kwakeko ndinali nditakuiwala.

Loweruka, 11 Novembala

A Yeremiya, alonda a kumabani a fodya, amwalira dzulo kuchipatala. Zaka 41 pa pulazi pano. A ku Dedza, koma kumeneko sindikhulupirira kuti alipo amene akuwakumbuka.

Akulu a komboni anapita kwa manijala kukapempha thirakitala. Yankho lake m'Chishona: "Hapana," palibe. Mathirakitala onse awiri akutunga madzi ookera fodya. Anachoka ku ofesi n'kulunjika pakhomo panga, zipewa m'manja. Amene analankhula ndi a Harvey, mkulu wa adzukulu okumba manda. Sanachulutse. Maliro n'kulirana, anangotero.

Ndikanati chiyani? A Yeremiya anali ankhoswe a ukwati wathu.

Ndinapinda mpando. Mphasa pansi, bulangete pamwamba. Anali aafupi, anakwana ndendende, chitseko chinatsekeka. Ndi katundu kumbuyo sivinanso, imayenda ngati pa tala. Ndachita manyazi kuti zimenezo ndinaziona.

Kupita mphindi 41. Pobwera sindinawerenge.

Lamlungu, 12 Novembala

Taika. Nditachoka kumanda ndinatsuka galimoto ndi sopo mkati ndi kunja, n'kumuitana Luiza kuti tikayendeko kudamu. Lonjezo ndi lonjezo. Amene anatuluka ndi apongozi, mayi Adélia.

"Mukwasha, mota yanuyi yanyamula mtembo. Ndi mdzukulu tsopano. Wapakati sakwera mpaka isambe."

Ndinati yasamba, sopo akununkhira uyo. Akuti osati sopo. Mankhwala amene adzukulu amasamba akachoka kumanda, awaze mkati monse, kenako ikhale masiku asanu ndi awiri. Akuti mwana wachiwiri uja anapita chifukwa Luiza anakhala pa mphasa ya pamaliro. Ine ndikudziwa kuti anapita chifukwa basi sinabwere.

Madzi a masamba pa mipando ya nsalu? Pa mawaya? Ndakana. Chitsulo ndi chitsulo. Ndakwiya, koma apongozi suwayankha kawiri.

Luiza sanaikire kumbuyo aliyense. Duku yatsopano wabwezera m'sutikesi.

Lachiwiri, 28 Novembala

Mvula yeniyeni yoyamba. Waipa ya kumanzere ikusiya mzere pagalasi, ndadula mpira wa chubu n'kuikamo. Tayala lakumbuyo latha mbali imodzi, ndalitembenuza.

Dzina lamera kale: Mdzukulu. Ikamadutsa pa mjigo amayi amasiya kucheza. Amuna amakwera, makamaka njira ikaloza kumowa, koma onse amalimbirana kutsogolo. Olimba mtima athuwa.

Mtembo wachiwiri ndinanyamula Lachisanu lapitali. Mwana wamkazi wa a Agnesi, ankagwira ntchito m'nyumba ku Harare. Zaka 26. Matenda omwewa amene sitikuwatchula dzina. Wopepuka ngati mtolo wa udzu, ndinamunyamula ndekha. Petulo anthu asonkha.

Loweruka, 16 Disembala

Wachitatu. Dzina sindilemba. Wamtaliko, ndinakankhira mpando wakutsogolo mpaka kumapeto.

Luiza akamapita kumadzi amazungulira kuseri kwa nyumba kuti asadutse pafupi ndi galimoto. Mu udzu mwaoneka kanjira katsopano. Ndinamufunsa ngati nayenso amakhulupirira zimenezi, munthu woti anafika Giredi 7. Anati sakudziwa.

"Ndataya awiri ine. Zimene anena asisita ndichita, zimene anena amayi ndichita. Inu mukuopa kutaya chiyani, mipando?"

Ndinatuluka n'kukamanga mabawuti a tayala amene anali omanga kale.

Lachiwiri, 26 Disembala

Khisimisi yadutsa. Loweruka ndinapita ku Concession ndekha: mpunga, shuga, chingwa. M'sitolo ina ndinaona shawelo yoyera ya khanda. Ndikudziwa, za mwana sagula asanabadwe. Ndagula. Ndabisa pansi pa tayala la sipeya, m'pepala la pulasitiki. Palibe akudziwa.

Achimwene sanadye mpunga. Masiku ano amakonda kukhala m'galimoto masana, chitseko chotsegula, kumvera wailesi imene imagwira siteshoni imodzi yokha. Iwo za Mdzukulu alibe nazo ntchito, akuti akuzolowereratu. Ndinawakalipira. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kundiuza kuti phazi langa limagona pa kilachi, ndiitha msanga. Sipanala anandigwiritsa ndi iwowa, bambo atamwalira ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mpaka lero ndikadali wophunzira wawo.

Lamlungu, 14 Januwale 1996

Asisita anabwera Lachinayi. Mwana ndi wamkulu. Tsiku lake ndi kumapeto kwa Febuluwale koma akuti mayi akakhaliretu pafupi. Tagwirizana: pa 10 Febuluwale ndikamusiye kwa msuweni wake ku Concession, nyumba yoyandikana ndi chipatala. Nanga apita pa chiyani? Ndagonja.

A Harvey abwera lero ndi ndowa ndi nthambi. Ndinachotsa batire, n'kukutira dashibodi ndi thumba la feteleza. Anandiseka, akuti ndaveka galimoto epuloni. Awaza paliponse, denga, mipando, mpaka pa mapedulo. Fungo ngati la mbuzi yonyowa. Mipando yathimbirira zobiriwira, sizichokanso zimenezi. Pomaliza anati ikangonyamulanso, zonse ziyambirenso.

Ndalumbira pamaso pa apongozi kuti sinyamulanso mpaka mwana abadwe. Anangoti, "Tamva, mukwasha."

Lolemba, 22 Januwale

Masiku asanu ndi awiri anakwana dzulo. Luiza anagwira chitseko, anasuzumira mkati, anamwetulira. Ndinati tiye kudamu. Akuti ayi, adzakwera pa 10, ulendo umodzi weniweniwo, mwayi sayesa kawiri. Chabwino. Ndinagona mtima uli m'malo.

Lero m'mawa, Kassimu, dalaivala wa thirakitala. Mayi ake, mayi Hawa, amwalira kuchipatala m'bandakucha. Asilamu sagoneka maliro, ayenera kuika lero lomwe. Manijala wakana, fodya wapsa m'munda, akuthyola kuyambira kum'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Ndinamuyang'ana m'maso n'kukana. Ndinafotokoza za Luiza, za ndowa ya a Harvey, za masiku asanu ndi awiri. Anamvetsera zonse. Anangoti "Zvakanaka," chabwino, n'kutembenuka.

Tinakulira limodzi. Mayi Hawa ankandigawira futali pa Idi ngati mwana wawo.

Lachinayi, 25 Januwale

Mayi Hawa anafika dzulo pa lole ya chimanga, atachedwa masiku awiri. Ndinapita kukapepesa maliro. Palibe amene anandisunthira pokhala, ndinaima kumbuyo mpaka kutha. Kugalaja moni wanga akungogwera pansi.

Zikundiwawa, sindinama. Koma mpando wakumbuyo sunapindidwe masiku 40 tsopano. Kwatsala masiku 16.

Lamlungu, 28 Januwale

Achimwene kuchipatala. Wamoyo saipitsa galimoto, atero apongozi. Anakhala kutsogolo, bulangete mpaka m'khosi. Panjira anatseka maso, ndinkayesa agona, kenako akuti matapeti a mu injini akugogoda, ndiwasete. N'zoona akugogoda.

Mphindi 52. Matope pa kamlatho kaja, ndinadutsa pa giya yachiwiri osachotsa phazi.

Lachisanu, 2 Febuluwale

Achimwene anatisiya dzulo masana.

Kwa manijala sindinapite n'komwe. Lole ya chimanga? Munthu amene anandilera, pamwamba pa matumba? Ndipo andithandize kufunafuna loleyo ndani, ine amene ndinabweza Kassimu? Ndinagwira njakata. Apongozi anati mukwasha, ganizani bwino. Ndinaganiza. Mawa tiika, Lolemba tikameta a Harvey awaza, masiku asanu ndi awiri akwana pa 12. Ulendo wa Luiza tingousuntha ndi masiku awiri. Tsiku la mwana likadali kutali. Masamu anga analibe polakwika.

Luiza ndi amene anamaliza nkhani. "Pitani mukawatenge. Ndi alamu anga."

Ndi atali. Mita imodzi ndi theka sinakwane, ngakhale nditakankha mpando wakutsogolo. Chitseko chakumbuyo sichinatsekeke, ndinamanga ndi chingwe chomangira fodya. Mvula inayamba pa theka la njira, mapazi awo ananyowa. Ndinaima n'kuwafunditsa jekete langa. Ndinayenda 30 njira yonse, ndikulira ngati mwana.

Lolemba, 5 Febuluwale

Ndikulembera pabenchi kuchipatala. Ndilembe zonse mwandondomeko, apo ayi mutu uphulika.

Dzulo, 9 koloko m'mawa, mabenchi a pamaliro asanabwezedwe n'komwe. Madzi a Luiza anasweka. Masabata atatu nthawi isanakwane.

Ndinaliza galimoto, kuifikitsa pakhomo penipeni, kutsegula chitseko. A Harvey anali pomwepo. Akuti masamba ali kumtsinje, ndipo ngakhale awaze pano, masiku asanu ndi awiri aja? Apongozi anaima pakati pa khomo ndi galimoto. Ndinawakalipira, ine, pamaso pa anthu. Kenako ndinagwada.

Luiza anatuluka yekha atagwira mimba. Anadutsa mayi ake n'kufika pa chitseko. Ndinati zatheka. Ndiye anaona chingwe chija chikadali lende kumbuyo, ndi mphasa ya achimwene imene sindinachotse. Masiku awiri athunthu ndinali nawo, mphasa sindinachotse. Anabwerera m'mbuyo.

"Ndikakwera umu mwanayu n'kufa, ndidzakhala ndamupha ndine."

Ndikanamunyamula mokakamiza. Mphamvu ndili nazo, ndanyamula anthu anayi kulowetsa m'galimoto yomweyi. Sindinatero. Ndinaopa maso ake.

Manijala ali ku Harare ndi galimoto ya pa pulazi. Bwana ali ku Kariba. Kenako phokoso la thirakitala. Kassimu. Palibe amene anamutuma, palibe amene anamuloleza. Ngolo ya fodya kumbuyo, masaka atayala, matiresi a m'nyumba mwake pamwamba. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Handei," tiyeni.

Luiza, apongozi ndi amayi awiri m'ngolo. Ine pambuyo, ndekha m'galimoto. Thirakitala makilomita 12 pa ola. Akati awonjeze moto ngolo imadumpha, Luiza n'kukuwa. Giya yoyamba injini ikulira, yachiwiri ikufuna kuzima. Singano ya kutentha ikukwera. Galimoto yoti imathamanga 60 pamsewu umenewu, ine ndikuyang'ana nsana wa apongozi.

Ndinaliza hutala pa chipata cha pulazi, anaima, ndinapempha. Luiza anapukusa mutu. Ndinalizanso pa kamlatho. Anapukusanso, milomo itayera, chitenje chili magazi okhaokha. Apongozi nthawi imeneyo sankanenanso kanthu, akanalola, ndikudziwa. Amene ankakana ndi mwiniwake. Kachitatu Kassimu sanaime, nyumba za ku Concession zinali zitayamba kuoneka.

Maola awiri ndi mphindi 50.

Adokotala akuti chiberekero chinang'ambika panjira. Mwana wamwamuna, makilo atatu ndi pang'ono, anamutulutsa atafa kale. Akuti tikanafika ola limodzi m'mbuyomo. Sanamalize chiganizocho, nanenso sindinafunse.

Luiza ali moyo. Chiberekero achotsa.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Apongozi anafunsa ngati ndili ndi kansalu koyera. Ndinatsegula kumbuyo, kuchotsa tayala la sipeya, kutulutsa shawelo ija. Anayang'ana shaweloyo, n'kuyang'ana ine. Ndikudziwa zimene anaganiza. Sananene, ndipo ine za dzana sindinanene. Tangokhala tikusungirana.

Anakhala kumbuyo, kamtolo pamiyendo. Mpando sindinapinde. Wachisanu.

Khanda lotere amakaika amayi okhaokha, bambo saloledwa, ndipo salira. Ndinawasiya pa kanjira ka kudambo. Ndinakhala m'galimoto mawindo otseka mpaka anabwerako.

Kassimu amuchotsa pa thirakitala, akusonkha moto kumabani. Ndinamuuza manijala kuti ndinamutuma ndine, sanamve. Madzulo ano ndinapita kumabaniko. Anandisunthira pa chipika chimene anakhalapo, tinangoyang'ana moto.

Loweruka, 10 Febuluwale

Tsiku lija tinapangana. Luiza amutulutsa m'chipatala.

Galimoto sinawazidwe. A Harvey anabwera Lachitatu ndi ndowa yawo, ndinawauza kuti abwerere nayo. Mphasa ndinatentha. Matapeti ndaseta.

Ndinaimika pageti la chipatala. Anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, dzanja pamimba, apongozi atasenza kachikwama. Ndinali nditakonzeka kunena kuti iwo akwere basi, ine nditsatira. Anatsegula yekha chitseko chakutsogolo n'kukhala. Apongozi analowa kumbuyo.

Luiza anasisita mpando pamene pathimbirira paja. Akuti ndi wofewa.

Msewu wauma masiku atatuwa. Ndinayenda 60 poyera, ndikuzemba maenje chifukwa cha bala lake. Pa kamlatho Luiza anayang'ana kumbali. Tikulowa mu komboni anadzutsa mutu, anayang'ana mjigo, anayang'ana nyumba yathu, kenako ine.

"Tafika kale? Ndi pafupi chonchi?"

Mphindi 38. Sindinamuuze. Ndinazimitsa injini, apongozi anatsika. Iye osatsika, dzanja likadali pa mpando. Nanenso sindinatsike.